Tisamadikire maliro kuti tisonkhane, ana athu ku Joni akusowa aphungu

Akonzi,

Ndithokoze kaye pondipatsa danga mu nyuzi yanuyi, timakuwerengani ndithu kuno ku Joni ngakhale ndi pafoni, pepala lenileni lija tinaligwira kalekale. Ine ndine telala, kwathu ndi ku Ntcheu koma mu Johannesburg muno ndakhalamo zaka zoposa 15, ndimagona ku Rosettenville ntchito ndimagwira ku Fordsburg. Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya ana athu amene akukulira kuno. Ndikulankhula ndi Amalawi anzanga a ku Joni makamaka azibambo, komanso inu makolo athu kumudziko amene mumalandira mauthenga a zidzukulu zolankhula Chizulu pa WhatsApp nkumasekerera kuti zachangamuka.

Zaka ziwiri zapitazo nyengo yozizira ija tinali pa siwa ya mnyamata wa zaka 17 ku Turffontein. Dzina sinditchula, mayi ake misozi sinaume. Mwanayu anabadwira konkuno, ku pulayimale anali wanzeru bwinobwino, atafika giredi 8 anayamba kujomba, kenako tizinthu m'nyumba tinayamba kusowa, lero ketulo mawa ayironi, mpaka zinadziwika kuti walowa za nyaope, mankhwala osakaniza ndi heroin aja amene amaliza ana ambiri m'makomboni akuno. Tsiku lomwe uthenga wa maliro unagwa pa gulu lathu, Akonzi, Amalawi anaonetsa Umalawi wawo. Wina R50, wina R200, amayi ogwira ntchito m'nyumba za mabwana mpaka kutumiza ndalama yawo ya tekisi, masiku anayi okha ya bokosi, ya mapepala ndi ya galimoto zonse zinakwana. Thupi linanyamuka kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukalowa pa Mwanza. Mwana woti sanapondepo dothi la Malawi ali moyo anakafika kwa agogo ake ali m'bokosi.

Usiku wa siwa uja ndinakhala panja pamoto ndi azibambo anzanga, ndinawerenga chamumtima tinalipo oposa 40. Amakaniko, madalaivala, okonza mapaipi, ogwira m'maluwa, akuluampingo, wina mpaka anali mphunzitsi wa sekondale kumudzi asanabwere kuno. Aliyense amati eee mwana ameneyu ndimamuona ine pa kona paja, ndimadziwa kuti sizitha bwino. Nanenso ndinamuonapo kangapo ataima pa spaza, timagolosale ta m'makomboni akuno, maso ali psuu ndipo ndinangodutsa. Tonsefe timamuona koma panalibe olo mmodzi anamuitanako kuti iwe tabwera kuno, Loweruka udzandigwirireko sipanala. Ndalama yomutumizira kumanda tinaipeza masiku anayi, ola limodzi pa sabata loti ticheze naye ali moyo tinalisowa kwa zaka zinayi. Zimenezi zimandidyabe mumtima mpaka lero.

Amene muli kumudzi mwina simudziwa mmene tsiku la mwana limayendera kuno. Sukulu zambiri amaweruka cha m'ma 2 koloko masana. Bambo amafika 7 kapena 8 koloko usiku ataima kaye pamzere wa tekisi pa Bree kapena pa Noord, atatoperatu, mayi ngati ali ogonera kuntchito ku Sandton kapena ku Randburg amabwera Loweruka madzulo Lamulungu nkubwereranso. Nde mwana amakhala ndi kiyi pakhosi, chipinda chimodzi chogawa ndi katani, foni m'manja, maola asanu athunthu opanda wamkulu womufunsa kuti wadya kapena homuweki walemba. Maola amenewo sakhala opanda mwini ayi. Alipo omulera, ali pa kona, ali pa taveni, ali mufoni momwemo, ndipo iwowo sajomba tsiku ndi limodzi lomwe.

Ife mmene timakula sizinali choncho. Ine bambo anga anapita ku Theba ndili wamng'ono, ngati azibambo ambiri a nthawi imeneyo, koma sindinakule ngati wamasiye. Atsibweni analipo, ndi amene anandigwiritsa khasu koyamba, ndi amene anakalankhula ndi ahedi nditalakwitsa kusukulu. Agogo analipo, mphala inalipo, olo mayi wongodutsa akupita kudambo akakupeza ukuchita zopusa amakukalipira pompo ndipo kunyumba sumakanena chifukwa ukanakalandira zina. Mwana wa mnzako ngwako yemwe sinali nyimbo yongoimba, zimachitika. Tsono ife tinanyamula ana, kapena kuwaberekera kuno, koma atsibweni aja tinawasiya ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Mzimba. Kuno mawu oti malume ana amawadziwa bwino chifukwa pa Chizulu aliponso, koma mukamufunsa mwana wa ku Joni kuti malume ndi ndani akuuzani kuti ndi dalaivala wa galimoto yomwe imawatenga kupita kusukulu. Ndi malume yekhayo amene ambiri akumudziwa.

Nchifukwa chake ndikufuna kunena za mapulogalamu awa amene pa Chingerezi amati mentoring. Anthu akamva dzinalo amaona ngati ndi zachizungu, koma ndi zathu zomwe. Kwathu namwali salowa ku chinamwali yekha, amakhala ndi phungu wake, munthu woti si mayi ake si bambo ake koma ndi wamkulu womugwira dzanja, womuuza zomwe makolo sangathe kumuuza pamaso. Ndi zomwezo basi. Ku America akuti zawo anaziyamba 1904 ku New York, kalaliki wina wa kukhoti dzina lake Ernest Coulter atatopa kuona anyamata ang'onoang'ono akubwera pamilandu, anapempha azibambo kuti aliyense atengeko mnyamata mmodzi akhale ngati mkulu wake, ndi pomwe panachokera bungwe lija la Big Brothers Big Sisters. Ife phungu tinali naye kale 1904 isanafike, chomwe chasintha nchoti m'tauni ngati muno phunguyo sabwera yekha, pamafunika fomu, tsiku ndi malo okumaniranapo.

Ine ndinayamba patapita miyezi iwiri chichitikireni maliro aja. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti pa holo ina kufupi ndi kwathu Loweruka lililonse m'mawa pamasonkhana ana, pali anthu odzipereka amene amawathandiza za kusukulu komanso kucheza nawo, ndipo akusowa azibambo. Ndinakana poyamba, ndinati ine sukulu ndinalekezera fomu 2, masamu a ana a masiku ano ndingawathe bwanji. Mayi woyendetsa pulogalamuyo, Msotho, anandiyankha kuti a masamu tili nawo, amabwera ana a ku yunivesite, chomwe tilibe ndi bambo woti mwana akamuyang'ana aziona kuti munthu wamwamuna atha kudzuka m'mawa, kugwira ntchito ndi manja ake, kubwera pa nthawi yomwe walonjeza komanso kulankhula osatukwana.

Anandipatsa mnyamata wa zaka 13, makolo ake a ku Machinga, iye wobadwira kuno. Masabata atatu oyamba sanandiyang'anepo kumaso. Amabwera chipewa cha juzi chili kumutu, ndikamufunsa kanthu yankho linali limodzi, sharp, basi. Chichewa amamva koma samayankha, anadzandiuza patsogolo kuti kusukulu anzake akamumva akulankhula ndi mayi ake pafoni amamunena kuti kwerekwere, dzina lonyoza anthu obwera, nde anangoganiza zochisiya. Loweruka lachinayi ndinalibe chonena, ndinatulutsa tepi yanga yoyezera m'thumba nkumuuza kuti tandiyeza mkono uwu kuchokera paphewa kufika pamfundo. Anayeza. Ndinati tsopano chiuno changa ndi 36, ndikamadula nsalu ya thalauza ndimagawa panayi, ndiuze ndilemba chani pansalupo. Anakhala chete kenako anati 9. Ndinati nanga chikhala 35? Anaganiza, anatenga tepi nkuipinda pawiri, nkuipindanso, nkuwerenga timizere tija mmodzimmodzi chala chikunjenjemera, nkunena kuti 8 ndi timizere sikisi. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi 8 ndi makota atatu, ndi mafulakishoni omwe aja akukulepheretsa m'kalasi. Anandiyang'ana kumaso koyamba tsiku limenelo, chipewa chija anachivula yekha.

Sindikunena kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda myaa. Anajombapo mwezi wathunthu, ndinachita kukamufuna kwawo mayi ake alipo. Ripoti lake silinasinthe tsiku limodzi, teremu yotsatira masamu analepherabe, anadzakhoza teremu inayo mwapang'ono. Anandinamizapo, ndinakhumudwa, tinakambirana. Koma pano ali giredi 9, amadziwa kulowetsa ulusi pa makina, amapinda m'munsi mwa thalauza mzere osakhota, ndipo tsiku lina anandiimbira foni usiku kuti ankolo anzanga akuti tipite kwinakwake ine sindikufuna ndiwauze chani. Foni imeneyo kwa ine ndi yoposa ripoti lililonse. Bambo ake alipo, ndi munthu wabwino, amagwira ntchito ya ulonda usiku, koma pali zinthu zina mwana sangauze bambo ake, tonse tinakhalapo ana tikudziwa.

Tsopano za kulembetsa ana, chifukwa apa ndi pomwe anzathu ambiri amabwerera. Mukangotchula fomu, Mmalawi wa ku Joni mtima umagunda, amaganiza za mapepala, pasipoti inatha masiku, pemiti palibe, nde amati ndikalemba dzina ndi adiresi mawa a Home Affairs afika pakhomo. Mantha amenewa ndimawamvetsa, sindingawanyoze, tinaona zomwe zinayambira ku Alexandra mu Meyi 2008 pomwe anthu oposa 60 anaphedwa, ndipo chiyambire pomwepo munthu wobwera amagona khutu limodzi lili panja. Koma komwe ine ndimathandizako chomwe amafunsa ndi dzina la mwana, zaka zake, sukulu ndi giredi, ripoti lomaliza, nambala ya kholo ndi ya munthu wina wachiwiri, ngati mwana ali ndi matenda ena ake, kenako kholo lisayine kuti lavomera. Malo ena atha kufunsa zambiri, funsani musanalembe, palibe angakumangeni chifukwa chofunsa. Ndipo dziwani kuti pa nkhani ya sukulu malamulo a dziko lino amati maphunziro oyambira ndi ufulu wa aliyense, sanati wa nzika zokha. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa alibe setifiketi yobadwira kapena mapepala ena, mlandu wake anautengera kukhoti ndi a Centre for Child Law. Alipo makolo mpaka lero akusunga ana m'nyumba chifukwa nkhani imeneyi sanaimve.

Malo oti mwana apiteko alipo ndithu, ena ndi odziwika. IkamvaYouth inayambira ku Khayelitsha ku Cape Town mu 2003, kuno ku Gauteng ili ndi nthambi monga ku Ivory Park ndi ku Ebony Park, imathandiza ana a sekondale akaweruka komanso Loweruka ndipo ambiri ophunzitsa ndi mavolontiya. Afrika Tikkun ili ndi malo ku Alexandra, ku Diepsloot ndi ku Orange Farm, madera oti Amalawi tilimo ambiri. Boys and Girls Clubs ali ku Soweto. Kuli Three2Six yomwe inayamba 2008 pa Sacred Heart College ku Observatory, anaitcha choncho chifukwa pomwe imayamba ana a anthu othawa kwawo ndi obwera amaphunzira kuyambira 3 mpaka 6 koloko madzulo, maola omwe aja ndanena kuti ndi oopsa. Ma Scout aliponso. Kupatula amenewa pali timagulu ting'onoting'ono m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'malaibulale, ngati kathu aka. Malo amadzadza msanga, chaka cha sukulu kuno chimayamba Januwale nde osadikira mwana alephere teremu ziwiri kenako muzithamanga mu Seputembala.

Koma ndichenjezenso, si aliyense wonena kuti amakonda ana amene ndi woti mumupatse mwana wanu. Ine ndinaluzapo ndalama zaka zapitazo, anthu ena anabwera ndi timapepala tokongola kuti atsegula kalabu ya ana ya mpira ndi maphunziro, tinalipira yolembetsera ndi ya yunifomu, anakumana kawiri kenako manambala onse anazima. Imeneyo inali ndalama chabe, pali zoopsa kuposa pamenepo. Kholo lipite lokha likaone malowo ndi maso, lifunse kuti anthu amene akukhala ndi ana athuwa munawafufuza, amakumana poyera kapena mseri, mwana akadandaula amakanena kwa ndani. Ku holo kwathu kuja lamulo ndi loti wamkulu sakhala ndi mwana awiriwiri chitseko chotseka, sumutenga pagalimoto kapena kupita naye kwanu popanda kholo ndi oyendetsa pulogalamu kudziwa, sumupatsa ndalama m'manja mwakabisira. Munthu akamakwiya ndi mafunso amenewa tengani mwana wanu muzipita. Ndipo mwana aliyense aloweze 116, nambala ya Childline, ndi yaulere, imafanana ndi ya Tithandizane ija ya kumudzi nde sivuta kukumbukira.

Kwa ofuna kudzipereka, konzekani kufufuzidwa ndipo musaone ngati akukunyozani. Ine anandituma kupolisi kukadinda zala kuti nditenge kalata ija amati police clearance, imalipiridwa ndipo imatenga masabata angapo. Anandilembetsanso Form 30, yomwe imapita ku Social Development kuti akaone ngati dzina lako lili m'kaundula wa anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana, kaundula ameneyu anakhazikitsidwa ndi lamulo la ana la 2005. Anafunanso anthu awiri ondidziwa, ndinapereka abusa ndi abwana anga. Mnzanga wina atamva zimenezi anakwiya amvekere ine ndikufuna kuthandiza ulere nde azindiyesa chigawenga. Ndinamufunsa kuti mwana wako wamkazi uja ungamusiye ndi munthu woti palibe anamufufuza? Sanayankhe. Ndikudziwa kuti alipo ena mapepala awo sali bwino moti pakhomo la polisi sangayandikire, amenewo sindikuwakakamiza, koma athabe kuthandiza m'njira zina, kuphika tiyi wa ana, kusesa holo, kubwera tsiku limodzi kudzaonetsa gulu lonse mmene amawotcherera zitsulo kapena mmene amamangira njerwa ena onse ali pompo.

Chachikulu chomwe amapempha ndi chimodzi, ukayamba umalize chaka. Ana ambiri amene amabwera kumeneku anasiyidwapo kale, bambo anapita ku Cape Town kukasaka ganyu osabweranso, kapena anagwidwa nkutumizidwa kumudzi kudzera ku Lindela, komwe amasunga anthu ogwidwa opanda mapepala. Nde iwe ubwere masabata atatu, mwana ayambe kukuzolowera, kenako uzime, wamuonjezera bala pa bala, bola ukanangokhala osabwera. Ndinaona kamnyamata kena kakukhala pakhomo la holo Loweruka zinayi zotsatizana kudikira munthu woti anasiya osatsanzika, tikakauza kuti lowa kamati ayi abwera. Za pa 18 Julaye zija, tsiku la Mandela, anthu amabwera ndi mabulangete ndi makamera kwa mphindi 67, nzabwino sindikutsutsa, koma uphungu si umenewo. Uphungu ndi Loweruka la mvula, la kumapeto kwa mwezi lendi itakuvuta, iwe nkubwerabe.

Azibambo anzanga, tikambirane chilungamo. Pa mavolontiya onse a ku holo kwathu kuja azibambo ndife ochepetsetsa ndipo Mmalawi wamwamuna ndilipo ndekha, chonsecho ana a Amalawi ndi ambiri ndithu pagulupo. Ndikauza anzanga yankho ndi loti tinabwera kudzasaka ndalama kuno osati kudzasewera ndi ana a eni, kapena amafunsa kuti amalipira zingati. Salipira, ya tekisi yomwe umadzilipirira. Nzoona ambiri Loweruka amagwira ntchito, nanenso ndinachita kupempha abwana kuti ndizilowa masana nkumaweruka mochedwa. Koma tisanamizane, nthawi yoonera Chiefs ndi Pirates timaipeza, yokhala pa bawo Lamulungu lonse timaipeza, ya misonkhano ya gulu la maliro yokangana za ndalama maola atatu timaipezanso. Ndipo zoti ana a eni zo, nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Mwana wa Mmalawi akaba foni mu Rosettenville sanena kuti waba ndi mwana wa uje, amati Amalawi ndi akuba, mawa amene akuthamangitsidwa pa lendi ndi iwe wosalakwa.

Makolo nanunso pali zomwe mukutilakwira. Ena akalembetsa mwana basi athana nazo, amaona ngati apeza kosungitsa mwana kwaulere, nambala asintha osatiuza, kumsonkhano wa makolo sabwera, mwana akalakwa kunyumba amamuopseza kuti ndikakunenera kwa ankolo ako aja ngati ife ndi apolisi. Phungu salowa m'malo mwa kholo. Chitsanzo ndi nkhani ya giredi 9. Kumapeto kwa chaka chimenecho mwana amasankha maphunziro oti apitirize nawo mpaka matric, kalasi yomaliza ya sekondale, ndipo pali masamu a mitundu iwiri, Mathematics ndi Mathematical Literacy. Ana ambiri amathamangira yachiwiriyo poti ndi yopepuka, kholo limangosayina fomu usiku litatopa osadziwa kuti mwana amene akulota za udokotala kapena uinjiniya watsekeredwa chitseko pomwepo ali ndi zaka 15. Ife titha kumufotokozera mwanayo, koma wosayina ndi inu. Chimodzimodzi za setifiketi yobadwira, lamulo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 30 chibadwire, ndipo mwana wobadwira kuno kwa makolo obwera, amene kubadwa kwake kunalembetsedwa nkukhala konkuno mpaka zaka 18, lamulo limamulola kupempha unzika. Kapepala ka kuchipatala kaja musamataye posamuka, ena akuvutika lero chifukwa kanasowa ndi katundu.

Za atsikana ndinene mwachidule poti amayi ndi amene angazinene bwino. Loweruka anyamata amamasulidwa kupita ku holo, mtsikana amatsala akuchapa ndi kulera ang'ono ake poti mayi ali kuntchito, ndipo ndi yemweyo amene akudutsa pakati pa azibambo a magalimoto tsiku ndi tsiku pochokera kusukulu. Anankungwi kuno kulibe, azakhali ali kutali. Amayi a Chimalawi amene muli manesi, aphunzitsi, a saluni, ogulitsa pa msika wa Yeoville, ana amenewa akufuna kuona munthu wolankhula ngati mayi awo amene waima payekha.

Pali chinthu chinanso chomwe sindimayembekezera. Mnyamata wanga uja tsiku lina anandifunsa kuti ankolo kodi ine ndine wakuti, kuno amati ndine wobwera, kumudzi tinapitako kamodzi amanditcha Mjoni. Funso limeneli volontiya wa ku yunivesite, olo akhale wabwino mtima chotani, sangaliyankhe. Ndinamufotokozera za agogo athu amene amabwera kumigodi ya golide ya konkuno kudzera ku Wenela, za ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974 itanyamula anthu athu ochokera kumigodi mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za kuno, za Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay amene anayambitsa bungwe lalikulu la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Ndinamuuza kuti mzinda uno thukuta la anthu akwanu lilimo, usamayende chowerama. Sabata yotsatira anabwera atafufuza yekha za Kadalie pafoni, amafuna kudziwa kuti Nkhata Bay ili kutali bwanji ndi Machinga. Pano akandipeza amayamba ndi mwadzuka bwanji, Chichewa chake chokhota koma amayesa.

Pempho langa lipite kwa atsogoleri a magulu athu kuno, a mipingo ya CCAP, Katolika, Seventh Day, mipingo ya chipentekoste, mashehe a m'mizikiti ya ku Mayfair ndi kwina, ndi makomiti a magulu a maliro amene muli ndi manambala a anthu mazanamazana. Simukufunika kuyambitsa bungwe latsopano ndi ma yunifomu ndi masitampa ayi. Pitani ku mapulogalamu amene alipo kale m'dera lanu mukafunse kuti mukusowa anthu angati, mubwere mudzalengeze Lamulungu kapena Lachisanu pambuyo pa mapemphero monga mmene mumalengezera zovuta. Gulu lililonse litatulutsa azibambo asanu ndi amayi asanu okha pa chaka, nkuwathandiza ya police clearance kuchokera m'thumba lomwe lija timasonkha, ana angapo apeza munthu. A ku ofesi ya kazembe wathu nawonso akamakumana ndi Amalawi pa za mapasipoti atamatchulako nkhani imeneyi zingathandize.

Ndipo inu agogo ndi atsibweni amene muli kumudzi, mukamaimba foni musamangofunsa za ndalama ya feteleza ndi malata. Mufunseko kuti mwana uja akaweruka amakhala ndi ndani, mupemphe kuti mumulankhule, olo akuyankheni Chizulu.

Panopa pa holo pathu pali anyamata asanu ndi awiri amene makolo awo anasayina kale mafomu koma akudikira chifukwa palibe wamkulu woti awapatse, atatu mwa iwowa ndi ana a Amalawi. Loweruka lapitali mmodzi anandifunsa kuti ankolo wanga abwera liti, ndinamuuza kuti tikufufuza. Akonzi, chonde itulutseni kalatayi isanafike Januwale, anthu akhale ndi nthawi yokadinda zala.

Ine wanu,
Telala wa ku Ntcheu
Rosettenville, Johannesburg